Pepala la mayeso lizibwerera kwa mwini wake

Aphunzitsi anzanga a kuno ku Salima, kuyambira ku Khombedza mpaka ku Chipoka, lero mundikhululukire, ndikhudza pachilonda. Mayeso ambiri amene timalembetsa pakutha pa teremu samuthandiza mwana. Apa a MANEB a ku Zomba tiwasiye kaye, ndikunena athu omwewa, okonza tokha, ochonga tokha.

Taonani mmene amabadwira. Kwatsala mlungu umodzi, ahedi akuti mafunso afike mawa. Munthu umathamangira mapepala akale a Sitandade 8, kutola funso apa, lina apo, n'kupatsa ana a Sitandade 5 amene angoyamba kumene kuphunzira maphunziro onse m'Chingerezi. Mwana wa ku Senga Bay amene wakula akuyanika usipa pathandala, amene amadziwa nsomba yowamba bwino ndi yoti iwola mawa, akulephera funso la kasungidwe ka nsomba. Nzeru ali nazo, chamugwetsa ndi chiganizo chotalika chimene sanachimvepo m'kalasi. Ndiye tikati walephera, walephera chiyani kwenikweni?

Kenako tsiku lolemba. Kumene makolo sanasonkhe ndalama yosindikizira, mafunso amapita pa bolodi. Ulemba gawo loyamba, bolodi ladzaza, udikira pang'ono, ufufuta, ulemba lachiwiri. Wakutsogolo watha kale, akuseweretsa cholembera. Wakumbuyo, amene wakhala pansi kope lili pabondo, dzuwa likuthwanima pa bolodi, akadali pa funso lachitatu pamene iwe wanyamula chofufutira. Amakweza dzanja mwamantha: "Aphunzitsi, sitinamalize." Malikisi amene atuluke pamenepo akuyeza maso ndi liwiro la dzanja. Ndipo ana akakhala mothithikana chotero, kuonerana nkosapeweka. Timadabwa ndi likasa la ku sekondale, timakumbuka manyazi a 2020 pamene mayeso a MSCE anabedwa mpaka boma kuwaimitsa, ana n'kulembanso mu Januwale 2021, koma chizolowezicho chimayambira pansi pomwepa, mwana akaphunzira kuti chofunika ndi nambala basi.

Ndikudziwa chimene mundiyankhe. Chiyambire maphunziro aulere a ku pulayimale mu 1994, makalasi anasefukira, ndipo mlingo uja boma limanena wa ana 60 pa mphunzitsi mmodzi ambiri a ife timangoumva pa misonkhano ya ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'zoni timakumanirana pa maphunziro a ntchito yathu. Zoonadi. Kuchonga mulu wa mapepala usiku ndi tochi ya pa foni, udzudzu wa kunyanja kuno ukukuimbira m'khutu, si masewera. Koma nchifukwa chake ndikuti tichepetse mafunso. Mafunso 15 ochokera pa zimene waphunzitsadi, amene mayankho ake ndi malikisi ake walemberatu usanalowe m'kalasi, amaposa mafunso 50 a A, B, C, D. Pa mafunso osankha oterewa, mwana wongolota osawerenga n'komwe amatha kutola pafupifupi 25 pa 100. Ikanipo awiri kapena atatu oti alembe yekha, aonetse njira imene wadutsa.

Pochonga ine ndimatenga funso limodzi n'kulitsata m'mapepala onse, kenako lachiwiri. Dzanja limafulumira, ndiponso suyamba kukondera chifukwa waona dzina la mwana wa apampando a komiti. Pambali ndimaika kapepala, funso lililonse ndi mzere wake, wolakwa aliyense kachizindikiro. Ukamaliza, kapepala kaja kamayankhula. Ukapeza kuti funso la kugawa kwa mafulakishoni lagwetsa pafupifupi kalasi yonse, ngakhale ana aja sagwa chisawawa, mlandu suli pa ana. Mwina funsolo unalilemba mokhota, mwina phunzirolo unalidutsa mothamanga mlungu uja kunali maliro. Ukapeza kuti ambiri alemba yankho lolakwika lofanana, wapeza pamene maganizo awo anapatukira, ndipo Lolemba ukudziwa poyambira.

Koma ife timatani? Timaphatikiza malikisi, kusanja mayina, tsiku lotsekera n'kuitana nambala wani mpaka teni pamaso pa makolo, nthungululu kuli wiii. Wa nambala 87 amapita kwawo ndi mawu amodzi ofiira pa lipoti. Pepala lake saliona. Limakhala mu katoni mu ofesi mpaka chiswe chilipeze, apo ayi mudzalipeza pa Kamuzu Road atakulungira zitumbuwa, chizindikiro cha cholembera chofiira chikuoneka bwinobwino m'mafuta. Teremu yotsatira tiyamba mutu watsopano ngati palibe chinachitika, ndipo mwana uja adzalakwanso malo omwewo mpaka adzakumane nawo pa PSLCE, mayeso a boma omaliza Sitandade 8, pamene palibenso womubwezera pepala.

Pempho langa kwa ahedi ndi a PEA, alangizi oyendera sukulu za pulayimale m'zoni, ndi ili: mayeso azitha kudakali masiku, kuti mapepala abwerere m'manja mwa ana sukulu isanatsekedwe, tikonze limodzi pa bolodi funso ndi funso. Mukabwera kudzayendera, musamangofunsa kuti akhoza angati. Tifunseni funso limene lagwetsa ana ambiri ndi chimene tachitapo. Inunso makolo, mwana akabwera ndi lipoti, mufunseni pepala lenilenilo, ndipo ngati sanapatsidwe, bwerani kusukulu mudzalifunse.