Inu opalasa njinga m'magulu Loweruka m'mamawa, tamverani kuno

Ana anga, msewu wa ku Zomba si bwalo la mpikisano, wa ku Chikwawa nawonso ayi. Masewera a njingawa ine ndimawakonda, ndipo zimandisangalatsa kuti mu Blantyre muno mwachuluka: aphunzitsi, a m'mabanki, ana a sukulu, amayi ndi abambo omwe. Koma kuchuluka kwanuku kwabwera ndi chibwana, ndipo wamkulu akaona chibwana n'kukhala chete ndiye kuti naye walowa m'gulu lomwelo.

Pa mpikisano weniweni apolisi amaimitsa magalimoto, kutsogolo kumakhala galimoto yolambula njira, kumbuyo ambulansi. Inu Loweruka mulibe zonsezo. Muli ndi minibasi yoima paliponse pamene kondakitala waona munthu, lole ya mchenga, wakabaza wasenza matumba a makala opingasa, mbuzi, ndi mwana wothamangira mpira. Nanga bwanji mukafika pa Njuli mumatanda msewu anayianayi, mukucheza, dalaivala akaliza hutala inu n'kumamutukwana? Awiriawiri n'zotheka pamene msewu uli wotakasuka ndipo mukuona patali. Pena paliponse ndi mzere umodzi, kumanzere. Pa Namadzi ndi pa Thondwe, makamaka tsiku la msika, liwiro lizitsika. Anthu aja abwera kudzagula tomato, sanabwere kudzakuwomberani m'manja.

Koma chimene chandipangitsa kulemba kwenikweni ndi khalidwe lanu mkati mwa mzere momwemo.

Chifukwa chopalasira motsatana mukuchidziwa. Wakutsogolo amang'amba mphepo, wakumbuyo n'kupulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Chimene mwaiwala n'chakuti wakumbuyoyo msewu sakuwuona. Akuona msana wa mnzake ndi tayala basi. Tawerengerani nokha: pa liwiro la makilomita 36 pa ola, njinga imadya mamita 10 pa sekondi imodzi. Kuti munthu aone chinthu, mutu umuuze, dzanja lifinye buleki, sekondi ija yatha kale. Pamene mpata wa pakati pa matayala anu sukwana ndi mita imodzi yomwe. Ndiye kuti amene ali kutsogolo wanyamula maso a gulu lonse. Akaona dzenje aloze ndi dzanja, akuwe kuti “dzenje!”, mawuwo atsike mzere wonse mpaka kwa womaliza. Mchenga, magalasi osweka, hampu, galimoto yoima, chimodzimodzi. Akafuna kuchepetsa liwiro anene, osangomanga mabuleki mwadzidzidzi.

Tsono inu mukutani? Wakutsogolo alizemba dzenje ali duu, wachiwiri alizemba mwamwayi, wachitatu ndiye khu! Katayala ka mamilimita 25 kapena 28, kopopedwa gwa, sikakhululuka m'dzenje. Chubu chiphulika, limu ipindika, munthu auluka, a m'mbuyo mwake onse amugwera. Ukafunsa wakutsogolo uja chifukwa chake sanakuwe, upeza m'makutu waikamo timawaya ta nyimbo. Wina dzanja limodzi lili pa handulo, linalo likujambula kanema woti aike pa WhatsApp, anzake khumi ali pambuyo pake. Amenewo si masewera, n'kuseweretsa miyoyo ya eni.

Palinso aja okonda kulowetsa tayala lawo lakutsogolo m'mbali mwa tayala lakumbuyo la mnzawo. Mnzanuyo akangokhotera pang'ono, matayala akhudzana, ndipo wogwa ndi inu a kumbuyo, iye mwina osamva n'komwe. Khalani kumbuyo kwa tayala, osati pambali pake. Wachilendo m'gulu muuzeni zimenezi musananyamuke, osadikira kuti aphunzire ndi khungu lake pa phula.

Ndibwere ku mtsetse wa ku Chikwawa, kumene misala yanu imafika pachimake. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene ku Kamuzu Bridge pa Shire ndi cha m'ma 100. Kutsika konseko kumachitika m'makona okhotakhota, momwe malole amakwera mowefuka ndipo ena amafera pakona penipeni. Inu mumatsika mutagona pa handulo, mukudula makona mpaka kulowa mbali ya magalimoto obwera, akuti dzina likwere pa Strava, pulogalamu ya pafoni yoonetsa amene wathamanga kwambiri. Strava yo idzabwera kudzakuzondani m'chipatala? Potsika siyani mipata ikuluikulu. Liwiro lichepetseni musanalowe m'kona, osati muli mkati kale. Ndipo inu a mabuleki ogwira pa limu, musamawafinye osalekeza kuchokera pamwamba mpaka pa Thabwa: limu imatentha, chubu chingathe kuphulika muli pa liwiro. Finyani, tayani, finyaninso.

Kutsika n'kokoma, koma njinga imene yatsika iyenera kukweranso. Mu Okutobala ndi Novembala ku chigwa cha Shire kutentha kumapitirira madigiri 40. Munthu wanyamuka kunyumba osadya, wanyamula kabotolo kamodzi ka madzi, m'thumba mulibe ngakhale nthochi, akuti akufuna kuchepetsa thupi. Pofika pakati pa phiri miyendo yakana, chizungulire chamugwira, ayamba kuyenda mokhotakhota pakati pa msewu. Mabotolo awiri, limodzi la madzi othira kamchere ndi shuga, nthochi kapena mbatata yophika, pampu, chubu chapadera, ndi kandalama kokwerera galimoto zikavuta. Kodi zimenezi n'zodula kuposa nsapato mwavalazo?

Za chipewa choteteza mutu sindichulukitsa. Chomangidwa lamba pachibwano ndicho chipewa, cholendewera pa handulo ndi katundu chabe. Chimene chinamenyapo pansi mwamphamvu, ngakhale kunja chikuoneka bwino, mkati chinaphwanyika kale, ntchito yake inatha. Nyali yofiira kumbuyo ndi yoyera kutsogolo zikhalepo, chifukwa mumanyamuka kusanache, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi chiperoni chikagwa cha ku Bvumbwe ndi Thyolo, munthu wovala zakuda dalaivala amamuona atafika kale pa bampala.

Chomwe chimandiwawa koposa ndi kutayana. Mwaitana mnzanu watsopano, mwamulonjeza kuti lero tiyenda pang'onopang'ono. Chitunda choyamba chokha, anyamata amphamvu aimirira pa mapedulo, zii, osacheukanso. Paja amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma inu kuyambako mumayambira limodzi, kumaliza aliyense payekha. Mwana wa eni watsala yekha kutchire, tayala laphwa, pampu alibe, netiweki ikuvuta, inu muli m'tauni mukumwa tiyi ndi kutumizirana zithunzi. Akakhala mtsikana kapena mayi, mwamuika pa chiopsezo chotani?

Musananyamuke werenganani. Sankhani munthu mmodzi wamphamvu, wodziwa kumata chubu, akhale womaliza, ndipo asadutse aliyense. Pamwamba pa chitunda chilichonse chachikulu imani kunja kwa msewu, muwerenganenso. Aliyense akhale ndi kapepala m'thumba kolembapo dzina lake ndi nambala ya m'bale wake, poti foni yokhoma siithandiza munthu atakomoka. Amene akufuna kuyesa mphamvu zake anene poyera pa chiyambi, apange gulu lakelake, anyamuke patsogolo, otsalawo adziwe kuti ali ndi yani.