Alamu, mawu oti "mwayi" aja muwabweze

Usiku wathawu tulo sindinatione bwino chifukwa cha liwu limodzi, ndiye ndati ndilembe pano, mwina mtima ukhala pansi. Liwulo ndi "mwayi". Analilavula ndi alamu anga, amuna awo a achemwali, amene amakhala ku Leeds ndipo chifikireni kuno ku England anadzisandutsa mbadwa ya Yorkshire kuposa eni nthaka. Ndikudziwa muwerenga, alamu. Werengani ndithu, ndi zanu zimenezi.

Anabwera kudzationa Loweruka. Nsima tadya, m'manja tasamba, tikucheza. Ine n'kuyamba kuwafotokozera za agogo ena amene ndimawasamalira kuntchito kuno ku Durham, munthu wa zaka zopitirira 80, amene amaiwala chomwe adya m'mawa koma tsiku la 30 June 1973 saliiwala. Amati anali komweko ku Harrogate pamene timu ya kiriketi ya Durham inagwetsa Yorkshire, ndipo akamasimba maso amachita kuwala ngati mwana. Alamu, kachitsotso kotokosera m'mano kali kukamwa, n'kungoti, "Aaa, umenewo unali mwayi chabe." Basi. N'kupempha madzi akumwa.

Mwayi? Inu alamu, mwayi?

Kwa anzanga a kumudzi amene kiriketi simuitsata, nkhani yake ili motere. Kuno matimu a kiriketi amayendera zigawo, ndipo zigawozo zili pawiri. Pali zikuluzikulu, panopa 18, nthawi imeneyo 17, zimene osewera ake ndi olembedwa ntchito, amadya za kiriketi, amadzuka n'kupita kukaponya mpira ngati mmene ine ndimadzukira kupita ku shifiti. Ndiye panali zina zimene ankazitcha Minor Counties. Dzina lokhalo chinali chipongwe kale, tizigawo tachabechabe. Ambiri mwa osewera ake Lolemba m'mawa ankadzukira ku ntchito zina, kiriketi inali ya nthawi yopuma. Durham inali m'gulu limeneli. Chikho cha Gillette Cup chinayamba mu 1963, ndipo kuyambira 1964 ankalola matimu ang'onoang'ono ochepa kulowamo, kuti akuluakulu apeze pochotsera dzimbiri. Kufika 1972 panalibe ngakhale kamodzi pamene wamng'ono anapambana wamkulu.

Nanga Yorkshire? Pakati pa 1959 ndi 1968 anatenga ligi ya zigawo kasanu ndi kawiri. Gillette Cup yomweyo anaitenga mu 1965 ndi mu 1969. Kaputeni wawo mu 1973 anali Geoffrey Boycott, munthu amene kumutulutsa kunali ngati kuzula chitsa cha mkuyu ndi manja. Ndipo masewerawo anali kwawo, Harrogate ndi pakhomo pa Yorkshire, khamu la ochemerera linali lawo.

Tsopano tiwerengere limodzi mwayi wanuwo. Yorkshire ndiyo inayamba kumenya. Timu iliyonse inali ndi ma over 60, ndipo over imodzi ndi mipira 6. Kuti timu ithe pamafunika kutulutsa anthu 10, mmodzimmodzi. Stuart Wilkinson wa Durham anatulutsa Boycott pom'gwetsera timitengo timene womenya amateteza, Boycottyo ali ndi ma run 14 okha (ma run ndiwo mapointi a kiriketi). Chabwino, nenani kuti umenewo mwayi. Wachiwiri kutuluka, mwayi. Wachitatu, mwayi. Mpaka anthu 10, onse akatswiri olipidwa, kuthera pa ma run 135, inu mukuti ndi mwayi umene unkangobwerabwera ngati mlendo wosadziwa kutsanzika? Kaputeni wa Durham, Brian Lander, yekha anatulutsa anthu 5 n'kungopereka ma run 15 basi. Munthu mmodzi, anthu asanu. Amene anagwirapo mpira wa kiriketi akudziwa kuti zimenezi sizitoledwa panjira ngati ndalama yogwa m'thumba la woledzera. Ndi kuponya pamalo amodzimodzi, kuponyanso, kuponyanso, mkono ukuwawa, mpaka womenyayo atope ndiye alakwitse.

Ndipo sizinathere pamenepo. Durham inayenera kulowa n'kumenya mipira ya oponya olipidwa, mitima ili m'mwamba, akudziwa kuti palibe wamng'ono anachitapo zimenezi. Anafika pa 138 atangotaya anthu 5. Anthu 4 sanalowe n'komwe kukamenya. Mpikisano wa tsiku lathunthu, mipira mazanamazana, ndiye wina akhale pampando wanga, atakhuta nsima yanga, n'kunena kuti mwayi.

Chimene chikundiwawa ndi chakuti liwu limeneli lili ndi mbali imodzi. Yorkshire ikapambana mumati luso, mumati mbiri, mumati magazi a kiriketi. Wamng'ono akapambana mumati mwayi. Wamkulu akagwa mumayamba kufufuza mwala umene wamupunthwitsa, wamng'ono akagwa mumati ndi mmene ayenera kukhalira. Simunganene kuti "anatiposa". Pakamwa panu mawu amenewo sadutsa, amakutsamwani. Inde bwalo mwina linali lonyowa, inde masewera a tsiku limodzi ali ndi zake, nanga bwalolo ankaseweramo ndi a Durham okha? Yorkshire inabwera itanyamula zikho za makolo pamutu, kuiwala kuti tsabola wakale sawawa.

Ndipotu ukanakhala mwayi ukanagwa kamodzi n'kupita. Chaka chotsatira, 1974, Lincolnshire inakagwetsa Glamorgan ku Swansea. Mu 1976 Hertfordshire inachita zomwezo kwa Essex. Ndiye 1984, apa ndiye mukhale bwino alamu, Yorkshire yanu yomweyo inapita ku Telford n'kukagwanso kwa Shropshire ndi ma run 37. Ndikudziwa muyankha kuti Shropshire inali ndi Mushtaq Mohammad, amene anakhalapo kaputeni wa Pakistan. Eya anali naye, bambo wa zaka 40 amene anali atasiya kale kusewerera dziko lake, ndipo anamenya ma run 80 anyamata anu olipidwa akungothamangitsa mpira. Mwayi umenewu bwanji umakonda Yorkshire chonchi, unakudziwani kuti? Durham inabwerezanso mu 1985 pogwetsa Derbyshire. Buckinghamshire inagwetsa Somerset mu 1987, Cheshire n'kugwetsa Northamptonshire mu 1988, Herefordshire n'kugwetsa Middlesex mu 2001. Mwayi, mwayi, mwayi, mpaka liti?

Pali imodzi yokha imene ndingakulolereni kuti muyandikire nayo liwu lanulo, ndipo ngakhale imeneyo ikuchititsani manyazi. Mu 1991 ku Bishop's Stortford mvula inakana kuti Hertfordshire ndi Derbyshire asewere, ndiye anagwirizana zoponya mpira pa timitengo popanda womenya, ngati mapenate. Anthu 5 mbali iliyonse, aliyense mipira iwiri. Timitengo tangoima phee, palibe wotiteteza. Derbyshire, akatswiri amene ntchito yawo ndi yomweyo chaka chonse, pa mipira 10 anagunda kamodzi. Kamodzi! Hertfordshire inagunda kawiri nkhani n'kutha. Munthu wolipidwa kuphonya kasanu ndi kanayi chinthu chosasuntha, ndiye mlandu ukhale wa mwayi?

Komanso inu alamu ndinu Mmalawi, musandiiwalitse. Mu January 2010 ku Luanda, Flames itathira Algeria zigoli 3 kwa 0, anthu akunja ankati ndi kutentha kwa dzuwa, ndi ngozi chabe. Ndani anakwiya mpaka kuzimitsa foni? Si inu? Munkati akutinyoza chifukwa ndife dziko laling'ono. Lero mwavala jezi ya Yorkshire ya duwa loyera, mwayamba kuyankhula chilankhulo chomwecho cha onyoza. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula, koma inu muli m'mbuna kuyambira 1973 pakamwa sipatseka.

Onaninso kumene "mwayi" uja unakathera. Durham inaloledwa kulowa gulu la akuluakulu mu 1992, chigawo choyamba kulandiridwa chilowereni Glamorgan mu 1921. Chaka choyamba inathera pansi penipeni pa ligi, anthu ngati inu n'kumaseka kuti taonani, tinanena ife. Mu 2007 inakatenga chikho ku bwalo la Lord's ku London itagonjetsa Hampshire. Ligi inaitenga mu 2008, n'kuitenganso mu 2009, n'kubwereranso mu 2013. Paul Collingwood, Steve Harmison, Mark Wood, Ben Stokes, onsewa anadutsira ku Durham popita kukasewerera England. Pamene Yorkshire yanu, itatenga ligi mu 1968, inadikira mpaka 2001, zaka 33 chikho osachinunkha. Umenewo muutcha chiyani, tsoka chabe? Luso linalipo kumpoto kuno kuyambira kalekale, m'midzi ya anthu okumba malasha, chimene kunalibe ndi khomo lolowera.

Ndipo za khomo zimenezi ndi zimene zikundiwonjezera ukali. Akuluakulu oyendetsa kiriketi anaona kuti ana ayamba kuchititsa manyazi madoda, ndiye anatani? Anatseka chitseko. Chaka cha 2005 chinali chomaliza kuti zigawo zing'onozing'ono zilowe m'chikho chija. Kuyambira 2006 akuluakulu anayamba kusewera okhaokha, atangoitanako Scotland ndi Ireland. Mu 2020 anasintha dzina lachipongwe lija kukhala National Counties, dzina lokoma ndithu, koma khomo likadali lokhoma. Kum'patsa munthu suti yatsopano n'kumuuza kuti adyere kukhitchini. Mnyamata wa ku Shropshire kapena ku Cheshire lero akhoza kukumana ndi akuluakulu pa masewera ongopimana mphamvu, opanda chikho, opanda woti atuluke mumpikisano, ndipo akapambana mawa lake palibe amakumbuka. Agogo aja akadzatisiya, ndani adzakhale ndi tsiku lake ngati lija loti azilisimba zaka 50?

M'malo mwake anatibweretsera mpikisano watsopano wotchedwa The Hundred mu 2021, matimu 8 a m'mizinda ikuluikulu, nyimbo zaphokoso ndi makombola, ndipo kumpoto chakum'mawa konse kuno osatipatsako timu ngakhale imodzi. Durham, yotenga ligi katatu m'zaka 6, anaimata ku timu ya ku Headingley. Ku Leeds. Kwanu komweko alamu, kuti ife tizikwera sitima kubwera kudzakuomberani m'manja pakhomo panu. Tikitiyo mulipira ndinu?