Musanagule printa ya zithunzi ndi ma CD, funsani za inki kaye

Maganizo anga pa nkhaniyi ndi akuti mtengo wolembedwa pa katoni ya printa suyenera kukhala funso lanu loyamba. Printa yotchipa zedi m'sitolo nthawi zambiri ndi yomwe imadzakudyerani ndalama zambiri pakutha pa chaka, chifukwa opanga makinawa phindu lawo amalipeza pa inki. Kaya mukufuna kuprinta zithunzi za banja, kaya ma DVD a ukwati ndi chinkhoswe, kaya chimbale cha kwaya ya kutchalitchi, yambani ndi mafunso atatu: kodi ili ndi thireyi ya disiki, inki yake ikupezeka pafupi, ndipo ndidzaigwiritsa ntchito kangati pa mwezi.

Tiyambe ndi thireyi, poti apa ndi pomwe anthu ambiri amalira. Printa za inki zambiri siziprinta pa disiki ayi. Yomwe imatha imakhala ndi kathireyi kapulasitiki kophwatalala kokhala ndi malo ozungulira oyikapo CD kapena DVD, komanso kanjira kowongoka komwe thireyiyo imalowera, popeza disiki singapindike ngati pepala. Epson L3250 kapena Canon G3411, zomwe zadzaza m'masitolo, ndi zabwino pa makalata ndi ntchito za sukulu, koma disiki sizilandira. Ngakhale Canon G640, yomwe imatulutsa zithunzi zokongola ndi mitundu isanu ndi umodzi ya inki, ilibe thireyi. Wogulitsa akakuuzani kuti "imaprinta chilichonse", muuzeni atulutse thireyiyo muione ndi maso anu. Komanso dziwani kuti printa imangojambula pamwamba pa disiki. Kuyikamo nyimbo kapena kanema ndi ntchito ya kompyuta, ndipo malaputopu ambiri a masiku ano alibe polowetsa disiki, ndiye muwerengerenso mtengo wa DVD writer yolumikiza pa USB.

Zomwe zili ndi thireyi zili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la makatiriji, timabokosi ta inki tomwe mumasintha inki ikatha, monga Canon PIXMA TS704 ndi inzake yakale iP7240, kapena Epson XP-8700 ndi XP-970. Gulu lachiwiri ndi la mathanki othiramo inki ya m'botolo: Epson L805, L850 yomwe ili ndi sikana, ndi L8050 yomwe inabwera pambuyo pake. Pogula, za makatiriji ndi zotsika mtengo kwambiri. Koma taonani kuchuluka kwa inki. Katiriji wamba wamtundu umodzi wa Canon TS704 amakhala ndi inki yosakwana mamililita 6, ndipo wamkulu kwambiri, wa XXL, safika 12. Botolo limodzi la Epson 673, la L805, ndi mamililita 70. Ndiye kuti botolo limodzi likufanana ndi makatiriji ang'onoang'ono oposa khumi. Epson imati mabotolo asanu ndi limodzi a L805 amatulutsa zithunzi za 10 x 15 cm zokwana pafupifupi 1,800. Ngakhale mutachotsapo gawo lina lomwe limapita potsuka mutu wa printa (kachipangizo komwe kamapopera inki pa pepala), kusiyana kwake ndi kwakukulu ndithu.

Choncho kwa munthu woprinta sabata iliyonse, ine ndikuti sungani ndalama mugule ya thanki ya mitundu isanu ndi umodzi, ngakhale zitanthauze kudikira miyezi itatu. Kwa woprinta zithunzi makumi awiri pa mwezi ndi ma disiki ochepa, Canon ya makatiriji ikwanira. Koma ngati mumaprinta kawiri pa chaka, pa Khirisimasi ndi pa tsiku lobadwa la mwana, musagule konse. Pitani ku situdiyo. Printa ya inki yongokhala imawonongeka msanga kuposa yogwira ntchito, ndipo chifukwa chake ndifotokoza kutsogoloku.

Nanga mitundu isanu ndi umodziyo ndi ya chiyani? Printa wamba ili ndi inki zinayi: cyan (yabuluu ngati thambo), magenta (yofiira mopita ku pinki), yachikasu ndi yakuda. L805 ndi L8050 zimawonjezera cyan wopepuka ndi magenta wopepuka. Ntchito yake imaoneka pa malo omwe mtundu ukusintha pang'onopang'ono, monga thambo, diresi loyera la mkwatibwi, kapena kuwala kwa pamphumi ndi pamasaya. Printa ya inki zinayi ikafuna mtundu wopepuka imangomwaza timadontho ta inki yolimba motalikirana, ndipo mukayandikitsa diso mumaona ngati mchenga. Canon TS704 ili ndi inki zisanu, koma musasokonezeke: ziwiri mwa izo ndi zakuda. Yayikuluyo, yolembedwa PGBK, ndi ya malemba pa pepala wamba, pomwe yaying'onoyo, BK, ndi ya zithunzi. Manambala a dpi (kuchuluka kwa timadontho ta inki pa inchi imodzi) omwe amalembedwa m'zilembo zikuluzikulu pa katoni, 5760 kapena 9600, musavutike nawo. Printa zonsezi zimaposa zomwe diso lingasiyanitse pa chithunzi chogwira m'manja.

Kwa omwe muli ndi abale ku Joni, ku UK kapena ku America omwe angakutumizireni printa, chonde werengani apa kawiri. Makatiriji a Canon ali ndi kachipu kogwirizana ndi dera lomwe printa inagulitsidwa. Makina amodzimodziwo ku Ulaya amatchedwa TS705 ndipo amadya PGI-580 ndi CLI-581, ku Africa ndi ku Middle East ndi TS704 ya PGI-480 ndi CLI-481, ku America ndi TS702 ya 280 ndi 281. Katirijiyo amalowa bwinobwino m'malo mwake koma printa imamukana. Mphatso yochokera ku London ingasanduke chokongoletsera pa shelefu inki yoyamba ikangotha. Ya ku America ingakhale ndi vuto linanso la magetsi, chifukwa kumeneko ndi mavoti 120 pomwe kwathu kuno ndi 230, ndiye werengani kaye zolembedwa kumbuyo kwake musanalumikize. Musanavomere mphatso kapena kutulutsa ndalama, lembani nambala ya inki pa kapepala, mufunse m'masitolo awiri kapena atatu a m'tauni yanu ngati ali nayo komanso mtengo wake.

Printa yogwiritsidwapo kale ntchito si yoipa, bola muiyese. Muuzeni mwini wake aprinte Nozzle Check inu muli pomwepo. Pamatuluka timizere ta mtundu uliwonse, ndipo tonse tiyenera kukhala tathunthu. Ngati pali mipata, atsuke mutu kamodzi kapena kawiri. Mipata ikasuntha malo, mwina ndi mpweya chabe m'timapaipi. Ikakhala pamalo omwewo osasintha, timabowo tatsekeka kapena mutu wafa, ndipo mutu watsopano wa Epson mtengo wake umayandikira wa printa yonse. Funsaninso kuti ankathiramo inki yanji. Ma L805 ambiri anagwira ntchito yosindikiza makapu ndi malaya ndi inki ya sublimation, yomwe pa pepala la zithunzi imaoneka yofuwira, ndipo kuichotsa yonse m'mathanki ndi m'mapaipi ndi ntchito yotopetsa. Thireyi ya disiki ikhalepo, chifukwa imasowa kawirikawiri. Ponyamula L805, tsekani kaloko ka inki ka pambali pa mathanki, muisunge chowongoka osaipendeketsa m'minibasi, ndipo mukafika kumbukirani kukatsekula, apo ayi inki sidzatsika.

Tsopano chomwe chimapha printa zimenezi. Mutu uli ndi timabowo tating'ono kuposa tsitsi. Printa ikazimitsidwa ndi batani lake, mutu umabwerera kumbali n'kukhala pa kachivindikiro ka labala komwe kamateteza inki kuti isaume. Magetsi akathima ili mkati moprinta, kapena mukazimitsa pakhoma, mutu umatsala poyera ndipo inki imauma m'timabowomo. N'chifukwa chake ka UPS kakang'ono, kabatire komwe kamapitiriza kupereka magetsi akathima, n'kofunika kuposa sikana kapena Wi-Fi. Printa za inki sizidya magetsi ambiri, mawati ake poprinta ndi ochepa ngati a babu limodzi, ndiye UPS ya 650VA imakwanitsa kumalizitsa chithunzi. Sabata iliyonse printani kanthu kokhala ndi mitundu yonse, ngakhale Nozzle Check yokha. Nyengo ya fumbi ndi kutentha, m'mwezi wa Okutobala, ifunditseni nsalu mukamaliza.

Mizere yoyera ikayamba kuoneka pa zithunzi, musathamangire kubwereza Head Cleaning, kutsuka mutu kuja, kakhumi. Tsukani katatu basi, mukuyesa Nozzle Check pakati pake, kenako isiyeni usiku wonse, mawa muyesenso. Nthawi zambiri inki youma imafewa yokha. Kutsuka kulikonse kumakoka inki n'kukaitaya mu thonje lomwe lili pansi pa printa, ndipo printa imawerenga. Nambala ikakwana imaleka kugwira ntchito n'kunena kuti ikufunika sevisi. Amisiri amatha kubweza nambalayo pa ziro, koma ngati thonje silinasinthidwe, tsiku lina mudzapeza inki yakuda pa tebulo. Pa mfundo iyi L8050 ndi yabwinoko kuposa L805, popeza kabokosi kake ka inki yotayika mumasintha nokha. Kuprinta zithunzi zopanda mkombero woyera nako kumamwaza inki pang'ono kunja kwa pepala, ndiye kumadzazitsa thonje msanga.

Canon ili ndi khalidwe lake. Mutu wake umatenthetsa inki kuti idumphe, ndipo inkiyo ndi yomwe imauziziritsa. Mukapitiriza kuprinta katiriji atauma, mutu umapsa. Omwe mumadzaza makatiriji ndi jakisoni, dzazani asanatheretu. Mutu wa Epson sugwiritsa ntchito kutentha, koma ukakoka mpweya thanki itatsika kupyola mzere wapansi, mudzataya inki yambiri kuti uyambenso bwino.

Za inki ya m'mabotolo osadziwika dzina, sindiletsa aliyense, poti ndikudziwa kuti ndalama ndi zovuta. Koma pa printa ya thanki, inki yeniyeni ndi yotchipa kale pa chithunzi chilichonse, ndipo zomwe mungapulumutse ndi zochepa poyerekeza ndi mtengo wa mutu. Chithunzi cha ukwati chomwe chasanduka chofiirira patatha chaka chimodzi chimachotsa ulemu kwa yemwe anachiprinta. Ngati mwasankha inki ina, khalani pa inki ya kampani imodzi, osasakaniza.

Pa ma disiki, gulani olembedwa kuti inkjet printable, oyera pamwamba. Disiki wamba wonyezimira samwa inki, imangoyenderera, ndipo wolembedwa thermal printable ndi wa makina ena. Disiki ndi mamilimita 120 kuchoka mbali ina kufika ina. Ena ndi oyera mpaka pafupi ndi bowo, pafupifupi mamilimita 23, pomwe ena amasiya pulasitiki yoonekera mpaka cha m'ma 40. Yezani ndi rula, mulembe manambalawo mu pulogalamu, Epson Photo+ kapena Print CD, kapena Easy-PhotoPrint Editor ya Canon. Pa muyeso wa kunja kwa disiki ikani 116 kapena 117. Mukalakwitsa apa, inki imagwera pa pulasitiki ndi pa thireyi, kenako imadetsa pansi pa disiki wotsatira. Yambani ndi kuyikamo nyimbo kapena kanema, mutsimikize kuti akusewera, ndiye muprinte. Mukayamba ndi kuprinta, disiki akakanika kulandira kanema mwataya zonse ziwiri. Thireyi ilowetseni pokhapokha printa itakonzeka kuilandira, mugwirizanitse timivi take ndi ta pa printa, ndipo kumbuyo musiye mpata poti imayenda mpaka kuseri. Mukamaliza, yalani ma disikiwo chagada tsiku lathunthu musanawalongedze, makamaka nyengo ya dzinja. Ndipo zomata za pepala zisiyeni. Zikamatidwa mopendekera disiki amanjenjemera pozungulira, zikatenthedwa zimamatuka n'kukakamira m'makina osewerera ma CD m'galimoto.

Pomaliza pepala ndi chithunzi chenichenicho, poti printa yabwino singakonze chithunzi choipa. Kuti 10 x 15 cm ituluke yakuthwa pamafunika mapikiselo pafupifupi 1200 x 1800, ndipo A4 imafuna cha m'ma 2480 x 3508. WhatsApp imachepetsa zithunzi, choncho uzani anthu azitumiza ngati Document. Pepala sankhani la RC glossy lolemera magalamu 230 mpaka 260, lomwe kumbuyo kwake kumaterera ngati pulasitiki. Lotchipa lomwe kumbuyo kwake kuli ngati pepala wamba limapindika inki ikachuluka ndipo limafuwira msanga. Mu makonzedwe a printa sankhani mtundu wa pepala womwe mwayikamo, chifukwa printa imayeza kuchuluka kwa inki potengera zimenezo. Mukasiya pa Plain Paper, nkhope zimatuluka zotuwa. Zithunzi za anthu a khungu lakuda nthawi zambiri zimatuluka zakuda kwambiri kuposa pa foni, chifukwa sikirini imawala yokha pomwe pepala limadalira kuwala kwa m'chipinda. Walitsani malo amdima pang'ono musanaprinte, muyese kachithunzi kamodzi kakang'ono kaye musanatulutse makumi asanu. Inki ya zithunzi m'maprinta onse ndatchulawa ndi yosungunuka m'madzi, imaopa dzuwa ndi chinyontho, ndiye chithunzi chikauma tsiku limodzi chiikeni mu alubamu kapena m'felemu ya galasi, kutali ndi zenera.