Injini ya Chevrolet mu Ford Mustang: maganizo anga

Ku America okonda Ford ndi okonda Chevrolet sagwirizana kuyambira kalekale, ndipo mkangano wawo umatentha kwambiri munthu akatsegula boneti ya Mustang n'kupezamo injini ya LS, V8 ya General Motors, eni ake a Chevrolet. Ena amati kumeneko n'kunyoza galimoto. Ine ndikuima ndi amene amasintha, makamaka pa Mustang ya Fox, ija inapangidwa kuyambira 1979 mpaka 1993. Chimene chimandiwawa n'choti ambiri amaganiza kuti injini ikangokhala pamipando yake ndiye kuti ntchito yatha, chikhalirecho pamenepo ndi pamene yayambika.

Chifukwa chosinthira n'chomveka. Injini ya Ford ya malita 5.0 inkatulutsa mphamvu ya mahatchi (hp) 225 m'zaka za 1987 mpaka 1992. Ndi injini yabwino, yolira mokoma, koma buloko yake ndi yopyapyala, ndipo mukaikankha kufika cha m'ma 500 hp imang'aluka pakati. LS ya malita 5.3 yotchedwa LM7, ya m'mathiraki a Chevrolet a Silverado, Tahoe ndi Suburban a 1999 mpaka 2007, ili mbwee kumalo ophwasulirako magalimoto, ndipo chivindikiro chilichonse chogwira crankshaft chimamangidwa ndi mabawuti 6, pomwe cha 5.0 chili ndi awiri okha. Wina anganene kuti bwanji osaika Coyote, V8 ya Ford yomwe inayamba mu 2011. Ndi yamphamvu ndithu, koma ndi yotakata kwambiri chifukwa cha ma camshaft anayi, ndipo mtengo wake munthu wogwirira ntchito pakhomo umamugwetsa ulesi.

Pamene ndimakana ndi pa galimoto zosowa. Mustang Cobra ya 1993 inapangidwa 4,993 zokha. Kuidula imeneyo n'kuwononga. Sankhani Fox ya masilinda anayi, ya malita 2.3, kapena imene injini yake inafa kale. Mungokumbukira kuti ya masilinda anayi ili ndi difu yaing'ono ya mainchi 7.5, ndipo muyenera kuisintha ndi ya 8.8 ya mu V8 za 1986 kupita m'tsogolo.

Pogula, tengani zonse m'galimoto imodzi: injini, mawaya ake onse, kompyuta, sensa yoyeza mpweya, ndipo ngati throttle ndi yamagetsi, tenganinso pedulo ndi kabokosi kake ka TAC, kamene kamayendetsa throttle. Kutolera chidutswa apa china apo n'kumene kumaimitsa ntchito miyezi. Ma LS akale ali ndi gudumu la mano 24 pa crankshaft, atsopano la mano 58, ndipo kompyuta ya mtundu wina siwerenga gudumu la mtundu wina. Sitata idzazungulira mpaka batire kutha, moto osagwira. Kuzindikira n'kosavuta: sensa ya crankshaft, kuseri kwa sitata, ikakhala yakuda ndi 24, ikakhala yotuwa ndi 58. Injini zokhala ndi AFM, zija zimazimitsa masilinda anayi pamene injini siikulemedwa, ndi bwino kuzipewa, chifukwa ma lifter ake amafa, ndipo kuwachotsa kumafuna kutsegula mitu ya injini ndi kusintha camshaft.

Tsopano sampu. Apa ndi pamene pamafera injini zambiri, ndipo anthu sapalabadira chifukwa ndi pansi, sipaoneka pa zithunzi. Sampu ya mu thiraki ndi yakuya kwambiri. Mu Mustang imalendewera kupitirira chitsulo chonyamula injini, chotchedwa K-member, ndipo hampu yoyamba idzaiboola. Njira zilipo ziwiri: K-member yamapaipi yopangidwira LS pamodzi ndi sampu ya Chevrolet Camaro ya 1998 mpaka 2002, kapena sampu ndi mipando ya injini zimene makampani ngati Holley amapangira K-member yoyambirira. Musasakanize za makampani osiyana, chifukwa aliyense amakhazika injini pamalo ake, ndipo ekizozi ya wina idzagunda mtengo wa chiwongolero.

Sampu ikasintha, paipi yoyamwa oyilo imasinthanso, ndipo kumutu kwake kuli ka O-ring kamodzi kolowa m'pampu. Kakakhala kosayenera paipiyo, kapena kakapanidwa polowetsa, pampu imayamwa mpweya. Oyilo amachita thovu, ma lifter amayamba kugogoda, geji imatsika injini ikatentha, mapeto ake ma bearing amapsa. Kapakeni oyilo, kankhani paipi mpaka ikhale yokha pansi, kenako mangani bawuti. Musagwiritse bawuti kuikokera m'malo. Ikani dongo losewerera ana pakamwa pa paipiyo, vindikirani sampu, muyeze: mpata ukhale pafupifupi mamilimita 6 mpaka 10. Komanso sampu ya LS imathandiza kulimbitsa buloko ndi giyabokosi, choncho kumbuyo kwake kusatulukire kupitirira kumbuyo kwa buloko. Mabawuti a sampu a M8 amamangidwa 25 Nm, awiri aatali akumbuyo 12 Nm basi, mukaonjeza amaduka.

Pamwamba vuto ndi intake ya thiraki, njira yolowera mpweya m'injini, imene ndi yaitali moti boneti satseka. Mutha kugula boneti yotukuka, kapena kuika intake ya LS1, injini ya mu Corvette ndi Camaro, koma mukatero paipi ya pampu yamadzi ya thiraki imagundana ndi throttle. Mapule a LS alinso m'mizere itatu yosiyana, ya Corvette, ya Camaro ndi ya thiraki. Onse akhale a mzere umodzi, apo ayi lamba adzavuka tsiku lililonse. Bawuti ya pule ya crankshaft ndi mabawuti a mitu amatamuka pomanga, akamasulidwa atayidwe.

Petulo: Mustang ya 5.0 imayendera 39 psi, LS imafuna 58 psi. Ikani pampu ya malita 255 pa ola m'thanki, ndi sefa ya Corvette ya 1999 mpaka 2004, imene ili ndi regulator m'kati mwake. Pampuyo ipatsidwe relay yake ndi waya wonenepa, chifukwa mawaya a zaka zoposa 30 amagwetsa moto, petulo n'kuchepa mukaponda, ndipo injini yochepekedwa petulo imasungunula mapisitoni. Ma Fox a kabuleta amafuna thanki ina kumene.

Kutsogolo kwa mitu kuli timapaipi totulutsa nthunzi. Anthu amatitseka kuti pakhale paukhondo. Musatero. Tilumikizeni ku radiyeta kapena ku paipi yamadzi yapamwamba, chifukwa mpweya ukatsekeredwa m'mutu pamakhala malo otentha amene geji siwaona.

Za mawaya, chinthu choyamba ndi VATS, chitetezo cha akuba cha General Motors. Kompyuta ikapanda kuona kiyi ya galimoto yake, injini imalira masekondi awiri n'kuzima. Ambiri amathamangira kusintha pampu ndi masensa, pomwe chofunika n'kuchotsa VATS m'kompyuta ndi pulogalamu ngati HP Tuners. Pa nthawi yomweyo konzani chizindikiro cha rev counter, chifukwa LS imatumiza ngati injini ya masilinda anayi, ndipo geji ya V8 idzaonetsa theka. Mawaya a earth akuseri kwa mitu amangidwe pachitsulo chopalidwa bwino, ndipo pakhale waya wonenepa kuchoka pabuloko kupita kubatire ndi kuthupi la galimoto. Waya wa moto wa kiyi ukhale umene suzima pamene sitata ikuzungulira. Mu Ford muli ena amene amazima pa nthawi imeneyo. Mageji a Ford amafuna masensa a Ford, ndiye gulani zolumikizira: M16x1.5 ya oyilo, M12x1.5 ya madzi.

Giyabokosi ya T-5, ija ya mu Fox, iiwaleni. Yolimba kwambiri ya mu Fox inkapirira pafupifupi 400 Nm, ndipo 5.3 yosakhudzidwa imafika kale pamenepo. T56 ya Camaro ndi yabwino, koma kilatchi yake ndi ya mafuta pomwe Fox ndi ya chingwe, ndiye pedulo isinthidwe. Mukasankha otomatiki yakale ngati TH400, dziwani kuti crankshaft ya LS ndi yaifupi ndi mamilimita 10 poyerekeza ndi Chevrolet zakale, ndipo pamafunika chodzazira kuti mphuno ya torque converter ikhale ndi pogwira. Converter ilowe mpaka pansi musanamange giyabokosi. Pakhale mpata wa mamilimita 3 mpaka 5 kufika pa flexplate, mbale yolumikiza converter ku crankshaft. Popanda mpatawo pampu ya giyabokosi imasweka pa kuliza koyamba.

Musanapite kukadulitsa propshaft, yezani kupendekeka galimoto itakhala pamatayala ake. Injini ipendekere kumbuyo pafupifupi madigiri 3, ndipo mphuno ya difu iyende mofanana nayo, kusiyana kusapitirire digiri imodzi. Kunjenjemera kwa pa liwiro la 100 km/h, kumene anthu amanamizira matayala, nthawi zambiri kumachokera apa.

Thupi la Fox lilibe chassis yodutsa, limapotoka, ndipo pogwira mikono ya difu pamang'ambika. Wotchererani zitsulo zolumikiza kutsogolo ndi kumbuyo injini isanalire. Mabuleki akumbuyo ndi a dramu. Ndalama ya camshaft yaikulu iyambe yapita kumabuleki a Mustang ya 1994 mpaka 2004, amene amabweretsanso malimu a mabawuti 5.

Funsani za malamulo musanagule kanthu. Ku California injini iyenera kukhala ya chaka chofanana ndi galimoto kapena yatsopano kuposa apo, ndi zida zake zonse zochepetsa utsi, ndipo woyeza wa boma aione kaye. Abale athu a ku South Africa, kumene V8 ya Lexus amaiika m'mabaki osiyanasiyana, akudziwa kuti nambala ya injini yatsopano imafuna chilolezo cha apolisi isanalowe m'mapepala. Sungani risiti yokhala ndi nambala ya injini ndi ya galimoto imene inachokeramo.