Za penate ya Lamulungu ija, ndipo musandiuzenso za Blue Eagles

Ndadikira masiku atatu kuti mtima uzizire koma ukukana, ndiye mundilole ndilankhule.

Lamulungu timu yathu ya mpira ya kuno ku Matawale, ku Zomba, inatuluka m'chikho. Amene munalipo mukudziwa mmene zinayendera: mphindi 90 zinatha tili 1-1 ndi anyamata a mbali ya ku Jali, woyimbira n'kuloza pamalo a penate. Iwo anagoletsa zonse zisanu. Ife tinagoletsa zinayi. Yachisanu anaponya mnyamata wathu wovala nambala 14, mpira n'kudutsa pamwamba pa goli, n'kukagwera m'munda wa chinangwa kuseri kuja. Basi, chikho chinathera pomwepo.

Kugonja si nkhani. Tagonjapo kambirimbiri, ndipo tidzagonjanso. Chimene chikundisowetsa tulo ndi zimene ndinamva kuchokera pabwalo paja mpaka pachiwaya cha pamsika. Wina akuti mwanayo wagulidwa. Wina akuti anamuona akunong'onezana ndi goloboyi wa a ku Jali, ngati kuti anthu amene anaphunzira sukulu imodzi ya pulayimale saloledwa kupatsana moni. Wina anamuponyera botolo. Ndipo mawu amene ena munatchula, okhudza amene anam'bereka, munawatchula amayi akewo ali chikhalire pambali pa bwalo ndi beseni la mandasi. Ena mwa inu munali mutangogula mandasi omwewo pa hafu taimu.

Ndikuuzeni za mnyamatayu, popeza ambiri mumangomudziwa ndi nambala ya pamsana. Ali ndi zaka 19. Amapalasa kabaza, ya njinga yakapalasa osati yamoto. Lamulungu lomwelo cha m'ma 10 koloko m'mawa ndinakumana naye pamsewu wopita m'tauni atamangirira matumba awiri a makala, akukankha pachitunda. Masewero anayamba hafu pasiti 2. Werengani nokha nthawi imene anapuma. Nsapato zimene anavala ndi zobwereka kwa mnzake amene anavulala bondo chaka chatha, zazikulu, moti amaika mapepala kutsogolo kuti phazi lisamaseweremo. Anathamanga mphindi zonse 90 pakati pa bwalo ndi tiyi ndi chinangwa cha m'mawa.

Tsono funso limene palibe akufunsa ndi ili: penate yachisanu, imene aliyense akudziwa kuti ndi yolemera kuposa zonse, inafika bwanji kwa mwana wamng'ono pa timu yonse? Ine ndinali pafupi ndi pamene osewera anazungulirana, ndinaona. Kochi akufunsa woponya wachisanu, akuluakulu a timu, amene atha zaka akusewera m'ma divishoni, mitu pansi. Wina wayamba kumasula zingwe za nsapato. Wina wagona chagada akuti mwendo wandikoka, munthu amene mphindi ziwiri zapitazo amathamangira woyimbira kukakangana za ofusayidi. Mwanayo anayang'ana uku ndi uku, n'kukweza dzanja. Amene anabisala aja anabwerera kwawo ndi ulemu wawo wonse, lero akumwa tiyi mwamtendere. Amene analimba mtima ndi amene sakutha kudutsa pamsika masana.

Sindikunama kuti penateyo inali yabwino. Inali yoipa. Anathamangira mpira mothamanga kwambiri, thupi analiweramitsira kumbuyo, ndipo aliyense amene anasewerako ngakhale mpira wa chikulunga akudziwa kuti ukatero mpira umapita kumwamba. Inenso ndinagwira mutu, ndinakuwa, mwina ndinatchulanso mawu amene sindingawabwereze kutchalitchi. Kudandaula ndi kwathu ochemerera. Koma pali kusiyana pakati pa kunena kuti mphwanga waponya moipa ndi kunena kuti wadya ndalama.

Chimene chinandiseketsa, kuseka kowawa, n'chakuti achimwene amene anatukwana kwambiri pachiwaya paja anavala jezi ya Arsenal yolembedwa Saka kumsana. Achimwene, munthu amene mwamuberekayo pa 11 July 2021 anaphonya penate yomaliza pa Wembley, mu fainolo ya Euro, England ikusewera ndi Italy. Goloboyi wa Italy, Donnarumma, anaigwira. Anali ndi zaka zingati? Zaka 19, chimodzimodzi mwana wa ku Matawale. Azungu ena atamutukwana chifukwa cha khungu lake, ife tomwe mu vidiyo sho tinakwiya, tinati anthuwa alibe umunthu, amupatsiranji mwana penate yotere. Lero Saka yemweyo ndi amene mukumuvala. Ndipo amene tinakhalapo mu 2010 sitinaiwale usiku uja ku Johannesburg, Asamoah Gyan atamenyetsa mtanda pa penate ya mphindi yomaliza Ghana ikusewera ndi Uruguay. Africa yonse inalira. Amenewo ndi anthu olipidwa ndalama zimene sitingaziwerenge, odya bwino, okhala ndi madokotala awoawo, oponyera pa kapinga wosalala ngati mphasa. Wathuyu amaponyera pamalo pamene woyimbira anachita kuyeza ndi mapazi, pokumbikakumbika chifukwa mbuzi zimagona pomwepo.

Lolemba nkhani inapitirira ku babashopu. Kumeneko ndi kumene kunatuluka mfundo imene ndatopa kuimva. Akuti timu yaing'ono ilibe chowiringula, onani Blue Eagles. Inde, ndikudziwa. Mu 2023 Blue Eagles inatuluka mu TNM Super League, ndipo mu 2024 ikusewera mu ligi ya m'chigawo chapakati inatenga chikho cha FDH Bank itagonjetsa Bullets pa mapenate mu fainolo. Zinali zokoma, ndipo ine ngakhale ndine wa Maule, Bullets yomweyo, ndinavula chipewa. Wina anawonjezera kuti mu 2022 Bullets Reserve inafika mu fainolo ya chikho chomwecho n'kukumana ndi akuluakulu awo. Zoona ndithu.

Koma abale, tiyeni tisanamizane. Blue Eagles ndi timu ya apolisi a ku Area 30. Kutuluka mu Super League sikunawachotsere malipiro a pamwezi, basi yoyendera, bwalo lochitira tirening'i kapena nsima ya masana. Anangosintha ligi, moyo sunasinthe. Bullets Reserve ndi ana a m'nyumba yolemera, amadya m'mbale imodzi ndi timu yaikulu. Kuyerekeza amenewo ndi anyamata athu, amene wina ndi wakabaza, wina amaumba njerwa, awiri ali Fomu 3, wina amagulitsa kaunjika, ndi kuyerekeza ng'ombe ya m'khola ndi gwape. Zonse zili ndi miyendo inayi, kufanana kwake n'komweko.

Anyamata athu amayamba tirening'i hafu pasiti 4, akaweruka ku maganyu, ndipo theka amafika 5 koloko itakwana. Nyengo ino ya chisanu dzuwa likangolowa kuseri kwa phiri, mdima sucheza. Mukuganiza kuti nthawi yophunzira kuponya mapenate imapezeka pati? Timu ili ndi mipira iwiri yokha yoti n'kutchedwa mipira. Umodzi ukalowa m'chinangwa muja, tirening'i imaima, ana awiri akusakasaka mwini munda akulalata. Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa mpira ndi nsapato unangouluka, ndipo sunatsikenso. Nsapato za kaunjika zimene kale mwana amatha kugula akapalasa sabata imodzi, lero n'zoti makolo akhale pansi akambirane.

Ndiye tibwere kwa ife eni ake, ochemerera. Bwalo lathu lilibe mpanda, ndi chingwe chokha, choncho palibe wolipira pakhomo. A komiti amazungulira ndi chipewa. Lamulungu anthu tinadzaza mbali zonse zinayi, ena pachulu, ana m'mitengo ya mango. Ine ndinathandiza kuwerenga zimene zinali m'chipewamo: K23,400, kuphatikizapo K50 yong'ambika imene palibe angailandire. Oyimbira atatu amafuna zawo. Madzi akumwa. Laimu wolembera bwalo. Msungichuma anachita kuwonjezera za m'thumba mwake, ndipo osewera anagawana mafulizesi ndi zitumbuwa n'kubalalika. Chipewa chikamayandikira ena mumayamba kuyankha foni yosaitana. Koma anthu omwewo Loweruka munabetcha ma K2,000 pa matimu a ku Turkey amene ngakhale dzina simungathe kulitchula, ndalama n'kupita, osatukwana aliyense. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, akuluakulu anatero, koma ife timakonda wa kumphepo.

Munthu amene sunaponyemo ngakhale K100, mphamvu zotchulira mayi wa wosewera umazitenga kuti?

Za mankhwala ndingodutsapo, chifukwa zinandichititsa manyazi. Akuti a ku Jali anatsirika goli la kumpoto. Goli lomwelo ife tinagoletsamo mapenate anayi, kaya mankhwalawo amawerenga mpaka faifi kaya bwanji. Ndipo madala athu aja amene anazungulira bwalo m'mamawa akuwaza madzi a mchere, a komiti anawapatsa yogulira sopo, ndalama imene ikanagula nthochi za osewera. Ngati zimagwira ntchito, bwenzi Flames itatenga kale chikho cha Africa, osati kungofikako katatu, 1984, 2010 ndi ulendo wa ku Cameroon uja.

Mukafuna kudziwa pamene tinagonjera masewero aja, si pa penate. Tinagonja pa mphindi za m'ma 80, titatsogola 1-0, pa kona. Otchinga kumbuyo athu atatu anayang'ana mpira onse, mnyamata wamtali wa ku Jali n'kulowa yekhayekha ngati akulowa m'nyumba mwake, mutu, chigoli. Tinagonjanso chigawo choyamba pamene womwetsa zigoli wathu anatsala ndi goloboyi kawiri n'kumupatsira m'manja. Komanso kochi anachedwa kusintha. Aliyense amaona kuti mbali ya kumanzere yafa, mwana akungoyenda atagwira m'chiuno, koma pa benchi panali anthu anayi okha, mmodzi wopanda nsapato. Izi ndi zimene bwenzi tikukangana ku babashopu, n'zimene zili za mpira.

Ndipo a ku Jali apatsidwe ulemu wawo. Anabwera pa lole ya matola, ataimirira, fumbi mpaka m'nsidze, anatsika n'kuvalira kuseri kwa kalasi. Anasewera mpira wapansi, wodekha, osachita nkhanza. Goloboyi wawo ndi mphaka. Atapambana sanatinyoze, ndipo kaputeni wawo ndi amene anayamba kupita kukadzutsa mwana wathu pamene anagwada, ife eni ake tili kalikiliki kusaka miyala.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti Zomba sitili pamalo oti tizitaya ana. Mzinda umene unali likulu la dziko mpaka 1975, wokhala ndi Chanco, Cobbe Barracks, sukulu ya apolisi, mu 2024 unalibe timu mu Super League chifukwa Red Lions inatuluka limodzi ndi Blue Eagles mu 2023. Ngakhale isanatuluke, zaka zimene bwalo la Community Centre linatsekedwa kuti pamangidwe sitediyamu, masewero ake apakhomo timachita kuwalondola ku Balaka. Pali ana a ku Chinamwali, ku Sadzi, ku Mpondabwino amene akula osaonako Bullets kapena Manoma ndi maso, amangowamvera pa wailesi. Kwa mwana wotere, khomo lokhalo loti aonekere ndi zikho zimene zimalola matimu ang'onoang'ono, ngati cha Castel chimene chinayamba mu 2023 ndipo chimayambira m'maboma. Ukapambana kawiri katatu, mwina tsiku lina ukumana ndi timu yaikulu, wina wa maso akuona, moyo wako n'kusintha. N'chifukwa chake mwana uja anakweza dzanja. Amadziwa kuti kuseri kwa penate ija kuli msewu wotulukira pa siteji ya kabaza. Inu munataya chosangalatsa cha Lamulungu masana. Iye anataya zambiri kuposa ife tonse pamodzi, ndiye tinamuwonjezera botolo.

Ena mundiuza kuti mpira ndi choncho, wosewera azilimba mtima, kutukwanidwa ndi mbali ya ntchito. Ntchito yake iti? Ntchito imakhala ndi malipiro. Wa Super League mukamutukwana amakwera basi n'kupita, simudzakumana naye pachigayo. Uyu mawa lake akunyamulani inu nomwe kupita nanu kuchipatala, mukukanganirana K200 ya chenji.

Dzulo madzulo ndinapita dala pa siteji yawo. Anzake anati wasintha, akuima cha ku Chikanda kumene sakumudziwa. Ndinamupeza, ndinakwera, ndinati tiye ku Matawale. Njira yonse osalankhula, kungomva tcheni. Titafika pa mlatho ndinamufunsa ngati akupita ku tirening'i. Anati ayi. Ndinati Lachisanu ukapezeke, ligi ikadalipo, Loweruka la sabata ya mawa tili ndi masewero ku Thondwe. Anangoti, “Ndiona, madala.” Ndinamufunsa saizi ya phazi lake, akuti 7. Zimene wakhala akuvalazo ndi 9.

A komiti aitanitsa msonkhano Loweruka lino 3 koloko pansi pa mango pabwalo pomwe paja. Ine ndibwera ndi nsapato za saizi 7, ndazipeza kale pa kaunjika, ndangotsala kumaliza kulipira. Achimwene a jezi ya Saka, mukabwere ndi mpira umodzi, ndipo mukadzere kaye pa beseni la mandasi paja. Amayi aja akukudziwani nkhope.