Inu otentha tchire ku Michiru, tandimverani

Ana anga, wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye musandikwiyire.

Loweruka lapitali ndinakwera ku Michiru kudzera ku Chilomoni, kukaona kamtsinje komwe tinkamwako madzi tili anyamata. Ndinapeza phulusa lokhalokha, zitsa zikufukabe utsi. Cha kumunsi kunali anyamata atatu, makasu m'manja, mbewa zosakwana khumi m'kachitini. Nditafunsa chomwe awotchera khwawa lonselo, mmodzi anayankha akuseka: "Agogo, si udzu chabe uwu?"

Udzu chabe! Mwana iwe, umene mwaotchawo ndi mlulu. Tathyola phesi limodzi ulipotokole pakati pa zala. Udzu wamba ndi wobulungira, uli ndi mfundo. Mlulu uli ndi ngodya zitatu ndipo mfundo ulibe. Alipo wa kudambo, alipo uwu wa m'nkhalango wokonda mthunzi ndi chinyontho, pomwe masamba a misuku ndi miombo amagwa n'kuwolerana. Pamwamba suoneka ngati kanthu, ngakhale mbuzi zimaulambalala zikapeza msipu wofewa. Ntchito yake ili pansi. Mizu yake imayanga n'kulukana ngati mphasa, dothi la m'mbali mwa mtsinje n'kugwirana. Mvula ikagwa, madzi sathamanga, amalowa pansi pang'onopang'ono, n'chifukwa chake kale tinkatunga pakasupe mpaka mu Okutobala. Achule ndi nkhanu ankabisala momwemo.

Ndinene chilungamo, moto wa kamodzi suupha mlulu, umaphukanso mvula yoyamba ikagwa. Chomwe chikuutha ndi ichi: woyamba abwera ndi nkhwangwa kudula mtengo wa makala, mthunzi wapita. Wina abwera ndi machesi chaka ndi chaka. Womaliza ndi khasu, kukumba una wa mbewa kapena dothi la njerwa, mizu kuitembenuzira kudzuwa. Pamenepo palibenso chophuka.

Amene munabadwa kale mukulikumbukira phiri la Ndirande lili ndi mitengo. M'zaka za m'ma 1990 tinalimeta mpala tokha, tikuti ndi ufulu. Lero kaimeni pa mlatho wa Mudi kapena Nasolo mvula ikangogwa, muone madzi ofiira ngati thobwa la mawere. Limenelo ndi dothi la kuphiri likusamuka.

Za Marichi 2023 sindifuna kulankhula zambiri, mitima idakali ndi mabala. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, tinaika m'manda abale athu a ku Chilobwe ndi ku Manja. Sindikunena kuti mlulu wokha ukadaimitsa miyala ija, ayi, mvula ija inali yoopsa. Koma phiri lovula ndi phiri lovala salandira mvula mofanana.

Ndikudziwa kuti ndiwo zavuta ndipo makala ndiye akudyetsa makomo ambiri. Komabe mbewa zimakodwa ndi misampha, makolo athu ankatchera madiwa osayatsa phiri lonse. Inu oumba njerwa, talikiranani nawo mtsinje. Amayi omweta, mwetani ndi chikwakwa pamwamba, musamazule ndi mizu yomwe. Ndipo lamulo la zankhalango la 1997 lidakalipo, kuyatsa moto m'nkhalango yotetezedwa ndi mlandu.

Anyamata atatu aja, nkhope zanu ndazisunga, ndipo mmodzi wa inu ndimapemphera ndi mayi ake. Ulendo uno ndangokhala chete. Ndikadzakupezaninso ndi machesi kumeneko, tidzatsikira limodzi kwa amfumu.