Andidulira foni ndikufunsa za mtima wanga

Lero andidulira foni abale anga. Ine mayi wa ana atatu, ndikufunsa za mtima womwe uli m'chifuwa mwangamu. Mukudziwa nonse mmene zimakhalira kuno ku UK, kuimba kwa GP, dokotala wa ku kiliniki ya m'dera, 8 koloko m'mawa uli pa shifiti, kanyimbo kaja kakulira m'khutu, bureki yonse kuthera pa mzere, ndiye atayankha mtsikana wa pa resepushoni ndamufunsa mwaulemu kuti kalata ya zotsatira za kuyezedwa mtima yabwera yalembedwa first degree AV block ndi Wenckebach ya usiku, ndingaonane ndi adokotala andifotokozere? Iye akuti adokotala alemba kale kuti palibe chodandaulitsa. Ndati zikomo koma chizungulire chija sichinathe, akuyamba kulankhula mokweza ndi pang'onopang'ono ngati ndine wogontha, kenako zii, foni yadulidwa.

Kachipangizo ka Holter komwe anandiveka kuti kajambule kagundidwe ka mtima ndinavutika nako inu. Maola 24 uli ndi timawaya pachifuwa, osasamba, zomatira zikuyabwa mpaka khungu kutuwa, ndipo ndinalowa nako shifiti ya maola 12 chifukwa kujomba ndiye kuti lendi yaperewera. Kunyamula agogo a eni ake pa hoist, makina onyamulira anthu, kuwasintha matewera, kuwadyetsa phala, kwinaku ukukumbukira kudina kabatani mtima ukadumpha ndi kulemba nthawi pa kapepala anandipatsa. Manijala ataona waya watuluka pa kolala funso lake loyamba linali loti kodi ndikwanitsabe ntchito, chifukwa rota ya mwezi wamawa akulemba. Mmene ndikupezera sanafunse. Ndipo ukudziwa kuti viza yako ili m'manja mwa munthu yemweyo, akakuchotsa uli ndi masiku 60 okha oti upeze sponsor wina, bwana wokuimira pa viza, apo ayi longedza. Ndiye umangoti ndili bwino bwana, mutu ukuzungulira.

Kumudzinso saleka. Fizi, feteleza, maliro, wina akufuna iPhone. Pa gulu lathu la WhatsApp nditangotchula za mtima ena akuti akulodzani a kumudzi chifukwa mwamanga nyumba ya malata, ena bizi kutumiza nambala ya mneneri woti ndikafese mbewu ya mapaundi 100, awa omwe a adyo ndi mandimu sanachedwe. Anthu akuluakulu a madigiri awo, ena ogwira ntchito m'zipatala momwemo! Koma onsewa ndawapirira. Chomwe chikundiwawa ndi foni ija basi.

Wandithandiza ndi asisi ena a ku Chipata omwe timapemphera limodzi, ndi nesi mu wodi ya a mtima. Anatenga kalata ija n'kujambula kuseri kwa envulopu. Akuti mtima uli ndi magetsi akeake, amayambira pa kamalo kotchedwa SA node m'chipinda chapamwamba chakumanja, n'kutsikira pa AV node, pamenepo amaima kaye pang'ono ngati minibasi pa rodibuloko, kenako amadutsa m'tinjira tiwiri kupita ku zipinda zapansi zomwe zimapopa magazi. Nthawi ya ulendo umenewo ndi yomwe amalemba kuti PR, imayenera kukhala pakati pa mamilisekondi 120 ndi 200, ine yanga 230, ndiye first degree block ndi imeneyo, uthenga ukuchedwa koma ukufika wonse. Wenckebach akuti ndi Mobitz 1, kuchedwa kuja kumanka kukulirakulira mpaka kugunda kumodzi kuphonya kenako n'kuyambiranso, ndipo zikamachitika munthu ali mtulo nthawi zambiri si zoopsa. Zoopsa ndi Mobitz 2 pomwe kugunda kumangosowa mwadzidzidzi popanda chenjezo, ndi third degree pomwe zipinda zapamwamba ndi zapansi sizimvananso mpang'ono pomwe, mtima kumagunda mwina ka 30 kapena 40 pa mphindi pomwe wa munthu wopuma umayenera kukhala pakati pa 60 ndi 100. Amenewo ndi omwe amaikidwa pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino. Anandionetsanso pomwe alemba kuima kwa mtima, kwanga masekondi 2 usiku, iwo akuti madokotala amayamba kutekeseka kukapitirira 3 makamaka munthu ali maso. Tija ta ectopic, timagundidwe towonjezera tobwera nthawi yake isanakwane, akuti pafupifupi aliyense ali nato, mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku.

Tiyi asanazizire anali atamaliza. Ndiye ku kiliniki kuja chinawakanika n'chani? Ife timakhala ndi makolo awo usiku wonse, kuwagwira dzanja akamatsirizika, kuimbira ana awo modekha kuwafotokozera chilichonse mpaka mmene agonera, koma ine kufunsa za thupi langa n'kundidulira foni. Asisi aja anandifunsanso chomwe wina aliyense sanafunse, kuti mukumwa mankhwala anji a BP? Ndati atenolol, ndinayamba ndili kwathu. Akuti ameneyo amachedwetsa mtima, musasiye nokha chifukwa kusiya mwadzidzidzi n'koopsa, koma muwauze adokotala, ndipo poti Holter inangoona tsiku limodzi, chizungulire chikapitirira pemphani yovala masiku ambiri. Mukakomoka, chifuwa kuthina kapena befu, imbani 999, nambala ya ambulansi, osadikira aliyense. Mawa ndiimbanso, ndipo sindichoka pa foni mpaka andipatse tsiku loonana ndi dokotala.

Usiku sindinagone poganiza za amayi ku Ntcheu. Chaka chathachi anagwa kawiri, kamodzi pa mjigo kenanso kumunda, tonse tinangoti ndi dzuwa ndi ukalamba, ndipo nawo amamwa atenolol yemweyo. Ku chipatala chaching'ono cha kwathu amangoyeza BP n'kuwapatsa mapiritsi ena. Ine kuno ndikulira foni, iwo sanajambulidwepo mtima chibadwire. Ana anga akuleredwa ndi iwowo, mtima wawo ukaima ndiye kuti banja lonse laima, ndipo ine ndidzamva pa foni ndili m'nyumba ya eni ndikupukuta munthu wina. Sindinabwere kuno kudzafera m'yunifolomu ayi, ndikufuna ndidzakalambe kwathu ana anga akundidziwa nkhope.

Ndamuimbira mchimwene wanga kuti Lolemba awatenge apite nawo ku Lilongwe, ku Kamuzu Central kapena ku pulaiveti kulikonse komwe kuli makina a ECG ojambula kagundidwe ka mtima, ndalama ya thiransipoti ndatumiza kale. Ndamuuza kuti anyamule mapaketi onse a mankhwala omwe amamwa, anene za kugwa kuja osabisa, ndipo asatuluke m'chipindamo asanajambule pepala la zotsatira pa foni n'kunditumizira, asisi a ku Chipata avomera kuti aliona.